Ulendo Wokauma

Chaka chimene ndinachoka kwathu musandifunse. Ndikukumbukira kuti mango anali atayamba kupsa, koma mango amapsa chaka chilichonse, ndiye umboni wotere sungathandize ngakhale pa mlandu wa nkhuku. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndinachoka ndili wonyowa, ndipo ndinkapita kukauma.

Ine ndinabadwa wodontha. Fumbi likangodutsa, mamina. Utsi ukandilonjera, misozi chuchuchu. Ndikagwira khasu, thukuta kamukamu ngati ndangovuuka mumtsinje. Udzudzu ukandiluma, pamalopo pankatupa ngati ndabisapo dzira la njiwa. Anzanga ankanditcha Chidambo, ndipo ndinkavomera, poti dzina lokana ndi limene limakakamira.

Kutsidya kwa mtsinje kunali mtsikana dzina lake Elube, wa mpata kumano ndi pakamwa posagonja. Tsiku limene ndinamufunsira anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Iwe, ukulira chiyani? Ndakukana?"

"Si kulira uku. Ndi utsi wa kukhitchini kwanuku."

"Utsi uli uko iwe uli kuno? Ukadzalowa m'khitchinimo ndiye tidzafuna bwato." Anaseka mpaka kugwira mtengo. Kenako anati, "Kauze akwanu abwere."

Akwathu anapita, ine ndili pambuyo. Mawu omaliza pa ukwati wa Elube anali a atsibweni ake, a Zefaniya, munthu wouma gwa ngati chikuni cha tsanya. Tsoka ilo, tsikulo amayi a pakhomopo ankapeta mapira kuseri kwa nyumba, mphepo n'kumabweretsa mungu wake pomwe tinakhala. Mmene nkhani inkafika pakati, nkhope yanga inali ngati denga lodontha.

A Zefaniya anandiloza ndi chibwano. "Uyu ndi wodwala. Matenda akamasefukira kunja chonchi ndiye kuti mkatimo adzaza. Ife tikufuna mkamwini wodzalima, osati wodzatipatsa ntchito yokumba manda. Apite akatsirike thupi, atseke zibowozi. Akadzauma, abwere."

Elube anandiperekeza mpaka pamadzi owolokera. Sanaseke ulendo uno. "Ndidikira," anatero, "koma ine si mwala."

Pa mphambano yoyamba ndinapeza mayi atakhala pansi pa mtengo, akugulitsa nzimbe.

"Ukupita kuti, mwanawe?"

"Kukauma."

"Njira yake ndi iyi." Analoza kumanzere osadabwa n'komwe, ngati pamenepo pamadutsa anthu okauma tsiku ndi tsiku.

Ndinafika pa katauni ka msewu umodzi, sitolo ziwiri ndi chigayo. Ndinaganiza motere: chinthu chonyowa ukachithira ufa chimauma, nanga munthu wokhala mu ufa tsiku lonse? Ndinalowa kukapempha ntchito. Mwini wake anali mayi Nasoko, mzimayi wa thupi lake, wotuwa mbuu kuyambira duku mpaka zala zakuphazi, wolankhula mokuwa ngakhale chigayo chitazima.

Anandiphunzitsa kumva lamba akamalira njala ya girisi, kuthira chimanga pang'onopang'ono kuti makina asatsamwe, ndi kumasula sefa n'kuigogoda. Koma kuuma ayi. Mu ufamo mphuno yanga inapeza ntchito yeniyeni. Ndinkayetsemula mpaka amayi odzagayitsa ankagwira malichero awo.

Tinali ndi mnzathu wina wa ntchito, mwamuna wodzikonda, wa kagalasi m'thumba. Ameneyo ankazula tsitsi la m'mphuno limodzilimodzi, akuti atsikana a masiku ano safuna tchire. Ankapumira kukamwa poti ankaimba tsiku lonse. Ndinkamusirira: mphuno yake inali youma ngati ya chidole. Koma ankatsokomola kokhokokho, chifuwa chikulira ngati chitini cha miyala.

Tsiku lina ndinabwereka tizitsulo take kuti nane ndizule. Mayi Nasoko anandipeza nditalunjika kale.

"Chidambo! Bwera nako kansalu kako kominirako."

Ndinawapatsa mwamanyazi. Anakatambasula poyera, pamaso pa anthu.

"Ichi n'chiyani?"

"Mamina, mayi."

"Ndikunena choyerachi."

"Ufa."

"Umapita kuti ufa umenewu?"

"Kaya, mwina m'chifuwa."

"Anaugwira panjira ndani?"

Iwo anazimitsa makina, kumasula sefa, kuiika pambali, n'kuyatsanso. Chigayo chinalavula misere, timiyala ndi chimanga chosasweka, zonse m'thumba limodzi.

"Idya ameneyo," anatero. "Sufuna? Nanga iwe ukuchotseranji sefa yako? Tsitsi ligwire zikuluzikulu, mamina amate zing'onozing'ono ndi tizilombo tomwe sitioneka, ukayetsemula n'kuzibweza kwawo. Ntchito yonseyi akukugwirira ulere, iwe ukuti uwachotse ntchito. Mwamuna wopusa ngati iwe ndinakwatiwapo naye, sindifuna wachiwiri."

Ndinabweza tizitsulo tija. Koma a Zefaniya sanandituma kukaphunzira za sefa, anandituma kukauma. Mvula itagwa kawiri, kapena katatu, ndinatsanzika.

Pa mphambano panali mayi pansi pa mtengo, akugulitsa masuku. Nkhope inali ina, koma kakhalidwe kake kanali komweko.

"Wauma?"

"Ayi."

"Yesa kumanja."

Njira ya kumanja inakwera phiri, n'kundisiya pa mudzi umene unkanunkha usanauone. Pabwalo panali zikopa zokhomedwa ndi zikhomo, zikuuma padzuwa. Ndinati uyu ndiye mwini ntchito.

Anali a Chikuse, nkhalamba yokunga ng'oma, yogontha khutu limodzi, imene inkasankha yokha khutu loti likhale logontha tsiku limenelo.

"Bambo, ndamva kuti mumaumitsa zikopa."

"Eya."

"Mungaumitse changa?"

Anandiyang'ana bwinobwino. "Ndingathe. Koma mwambo wake timayamba tasenda. Ugona pati?"

Ndinati ndiyambe ndaphunzira kaye ntchito.

Kwa a Chikuse ndinakhalitsa. Ndinaphunzira kupala mnofu pa chikopa osachiboola, kuchifufuta, kuchidzoza mafuta a nsatsi kuti chisang'aluke. Chikopa chikabwera ankayamba achiyang'ana kudzuwa. Pakaoneka kabowo, ngakhale ka nkhupakupa, ankapukusa mutu.

"Mphutsi sizidya chikopa chathunthu," ankatero. "Zimazungulira, zimazungulira, kufuna pomwe mpeni unalakwa. Zikapeza, ukwati wayamba."

Tsiku lina mpeni unalakwa pa ine. Unandicheka chala, magazi n'kutuluka. Ndinathamangira phulusa, iwo anandigwira mkono.

"Tsuka ndi madzi oyera, umange kansalu kochapa, ukhale pansi. Tione amisiri."

Tinakhala. Magazi anayenda, kenako anayamba ulesi, kenako anaima. Mawa lake panali nkhanambo. Mkuja m'mbali mwake munafiira pang'ono, mukuyabwa. Ndinayamba kutokosa ndi chikhadabo, iwo n'kundimenya ndi kamtengo koimbira ng'oma.

"Usasasule denga amisiri ali mkati! Taona, ng'oma yanga ikabooka ndimasoka ndine. Ikauma ndimadzoza ndine. Yakoyi ikudzisoka yokha, ikudzidzoza yokha, thukuta lake lomwelo ndi mchere woti tizilombo tisamangepo mudzi. Ndipo sunaipatsepo ngakhale chikho cha thobwa. Ukanakhala mbuzi, chikopa ichi ndikanachilimbirana."

A Chikuse anamwalira nyengo ina ya masika, atatsamira ng'oma yosatha kukunga, ukalamba basi. Powasambitsa ndinaona kuti thupi lonse linali zipsera, za mpeni, za moto, za nyanga ya ng'ombe, ndipo chilichonse chinali chotsekeka bwino ngati khomo la munthu wosamala. Ng'oma ija ndinaimaliza ndine. Inkalira mopotoka, koma pamaliro anthu savuta.

Kuchoka apo misewu inayamba kufanana. Ndinkafika pa mudzi n'kuona ngati ndinagonapo kale, koma agalu ake osandidziwa. Ndinakhalako kwa mlimi wa njuchi amene ankati kutupa si matenda, ndi msonkhano: pamene palowa mlendo, abale amathamangirapo, ndipo malo akachepa khoma limafufuma. Ndinagwirako ntchito kwa wopha mbuzi pamsika, amene anandinunkhitsa chifu n'kunena kuti m'mimba mwa munthu muli madzi owawasa kuposa bwemba, ndipo tizilombo tambiri tolowa ndi chakudya timathera momwemo osaona kuti kutsogolo kuli chiyani. Mkazi wake, poona ndikulira ndi anyezi, anati ndisapukute msanga, diso likutsuka mbale zake. Ndinaumba njerwa, n'kusonkhezera uvuni mpaka nsidze kupserera. Kumeneko ndinaona chiswe ndi zinkhanira zikuthawa m'ming'alu moto ukangokolera, koma sindinaganizepo kanthu. Ndinkangoti mwina moto umenewu undiumitsa. Unandichuchitsa thukuta loposa kale.

Aliyense ankandiuza kuti ndili bwino. Palibe ankandiuza zoti ndikanene kwa a Zefaniya.

Pa mphambano ina mayi wa pansi pa mtengo ankagulitsa mbatata yootcha. Tsitsi lake linali litayamba imvi.

"Wauma?"

"Ayi."

"Elube wakana mwamuna wachitatu."

Ndinasekerera.

"Usasekerere. Wachinayi ali ndi njinga yamoto, ndipo a Zefaniya aikwerapo kale kawiri."

Sindinafunse kumanja kapena kumanzere. Ndinangothamanga molunjika, mpaka ndinalowa m'tauni ya mabasi ambiri, mmene aliyense ankakuwa dzina la kumene sakupita.

Kuseri kwa msika kunali mzere wa anthu. Kutsogolo kwake kunakhala mwamuna wa jekete lachikasu, patsogolo pake atayala nsupa, mizu ndi kabotolo ka ufa wakuda bii.

"Ndimatseka thupi!" ankakuwa. "Mphini zisanu ndi zinayi, matenda akakuona azilambalala! Chimfine, thukuta, maso olira, zonse ndimamanga!"

Ndinaima pamzerepo. Wakutsogolo kwanga anali ndi zilonda m'miyendo, wakutsogolo kwake ankatsokomola, ndipo lezala linali limodzi. Akatema munthu ankalipukuta pa buluku, n'kuitana wina. Mawu a a Chikuse anandinong'oneza za mphutsi ndi pomwe mpeni unalakwa. Koma m'khutu linalo munkalira njinga yamoto, ndipo njinga yamoto imalira mokweza kuposa nkhalamba yakufa.

"Bwana, lezala lina mulibe?"

"Ili ndi lokhwima, mphwanga. Latema anthu mazana. Latsopano lidziwa chiyani?"

Ananditema mphini zisanu ndi zinayi pa msongolo wakumanzere, n'kutikitamo ufa wakuda uja ndi chala chomwe ankadyera mtedza.

"Usasambe masiku atatu. Lachinayi udzakhala wouma ngati chikonyo."

Ndinauyamba ulendo wa kwathu ndikuimba. Tsiku loyamba mwendo unkayabwa. Lachiwiri unafiira psuu n'kuyamba kugunda ngati uli ndi mtima wakewake. Lachitatu unatupa mpaka buluku kukana, m'mphechepeche munatuluka mwanabere, ndipo ndinkanjenjemera dzuwa lili paliwombo, thupi likutentha ngati uvuni uja. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mthethe m'mbali mwa msewu kuti ndipumeko. Ndipo ndinangoona ndikulowa m'mwendo mwanga momwe, monga munthu amalowera m'tauni yachilendo.

Linga la tauniyo linali lachikopa, logumuka malo asanu ndi anayi. Pogumukapo pankalowa alendo, ting'onoting'ono, tosalonjera, ndipo kalikonse kakangolowa kankagawika pawiri, tiwirito n'kukhala tinayi. Misewu anali ataikulitsa, ngolo zofiira zikubwera zothithikana, n'chifukwa chake tauni yonse inali itafufuma. Pangolozo pankatsika anthu oyera, onenepa, opanda mfuti, opanda mikondo. Chida chawo chinali mimba. Akaona mlendo ankamukumbatira ngati mbale wochokera kutali, n'kumumeza.

Mmodzi anabwera kwa ine akutafuna. Anandinunkhiza kukhosi.

"Wakuno," anatero, n'kutembenuka.

"Achimwene, simufunsa dzina?"

"Dzina n'la chiyani? Ife timangoona ziwiri: wakuno kapena wakunja. Alipo anzathu ophunzira, amene amaloweza nkhope ya mdani n'kumusulira mkondo wakewake, ndipo akamuona kamodzi samuiwala. Amenewo ndi akatswiri, sitikana. Koma amafika patapita masiku, atasamba, atapesa. Ife timafika fumbi lisanakhale pansi."

"Nanga kutentha kuno?"

"Tayatsa dala. Alendowa moto sagwirizana nawo, amaswana mwaulesi. Ife tikatenthedwa ndiye miyendo imapepuka." Anameza kena kamene kankadutsa, osasiya kulankhula. "Pepani, ntchito."

Pakona panali mulu waukulu wa anzake, ali gone, otuwa.

"Awo atani?"

"Adya mpaka kufa. Kunja kwanuko mumawatcha mafinya, n'kumatseka mphuno. Palibe amabwera kudzapepesa maliro."

Ndinavula chipewa, ngakhale sindikumbuka kuti ndinali nacho.

"Koma chikutipweteka n'chimodzi," anapitiriza. "Linga ili linali labwino. Zaka zonsezi alendo ankangolizungulira. Tikumva kuti wagumula ndi mwini wake. Akuti anachita kuima pamzere."

Ndinayang'ana kumbali. "Anthu ena ndi opusa ndithu. Mukanamupeza mukanamutani?"

"Tikanamugwirirabe ntchito. Tipita kuti? Kwathu n'konkuno." Anapukuta pakamwa. "Koma ukakumana naye umuuze kuti tachepa. Adutsa kale pabondo, akulimbana ndi msasa wa m'mphechepeche. Akapyola pamenepo alowa mumsewu waukulu wopita kumtima. Asachite manyazi, aitane thandizo."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe, ndipo ndinadzidzimuka ndikukuwadi, ndili pangolo ya ng'ombe, pamwamba pa matumba a mtedza. Mwini ngolo ananditola pamsewu. Anakanditula pa kachipatala ka denga lamalata ndi mtengo wa mbawa pakhomo.

Nesi wake anali mayi wamfupi wa magalasi okhala kunsonga kwa mphuno. Anang'amba buluku ndi sizasi, kuyang'ana mwendo, kuyang'ana ine.

"Zisanu ndi zinayi. Anakuchotserako mtengo poti zachuluka?"

"Amati akutseka thupi, mayi."

"Kutseka nyumba pogumula khoma. Inu amuna inu." Anatsuka, anafinya, ine ndikuitana amayi anga ndi amayi a anthu ena. Kenako analoza kamzere kofiira kamene kanakwera kuchoka pabala kulunjika kuntchafu. "Ukuona aka? Bala likafiira pang'ono n'kutentha pamalo pomwepo, asilikali ako ali pantchito, ulitsuke, uwasiye. Koma ukaona mzere ukukwera, kutupa kukufalikira, thupi lonse likuphika, ndiye kuti agonja, usadikire mawa. Ukanagona pamsewu paja tsiku linanso, mwendo uwu tikanakambirana zina."

Anandibaya jakisoni amene ndimamukumbukira ndikamakhala pa mpando wolimba. Masiku anapita, kaya angati. Thukuta linatuluka lambiri tsiku lina m'mawa, mutu n'kupepuka, mwendo n'kuyamba kuphwa. Nkhanambo zisanu ndi zinayi zinamera, ndipo sindinatokose ngakhale imodzi.

Tsiku lotuluka ndinayesa komaliza.

"Mayi, inu mwaphunzira. Palibe mankhwala oti munthu aume? Mamina, misozi, thukuta, zonse zileke?"

Anatsitsa magalasi. "Ouma tili nawo. Timawasunga kuseri uko, m'kanyumba kozizira. Sayetsemula, satupa, satentha thupi. Ndikulembe?"

Ndinathokoza, n'kutuluka ndikutsimphina mofulumira.

Pa mphambano mayi uja analibe chogulitsa. Anangokhala, manja pamaondo.

"Wauma?"

"Ayi. Ndipo ndaleka."

"Ukanena chiyani kwa a Zefaniya?"

"Sindikudziwa. Ndikaona pomwepo."

"Ndiye njira ya kwanu ndi iyi. Waidutsa kanayi."

Ndinawoloka mtsinje dzuwa litangopendeka. Mudzi wa kwa Elube unali womwewo, koma mitengo inali itatalika ndipo nyumba zitafupika. Njinga yamoto sindinaione. Pakhonde panali anthu atazungulira mphasa, ndipo pamphasapo panakhala Elube, atatsamira khoma. Nkhope inali itakhwima, mpata wa kumano uli pomwepo. Dzanja lake lamanja linali pamwendo, chala cholozera chitatupa ngati chinangwa, chofiira, chonyezimira.

Anandiona. "Ii, Chidambo. Mwakalamba."

"Inunso simunachepe. Chala chatani?"

"Minga ya mthethe, kunkhuni. Lero lachinayi." Mano ankagundana polankhula.

"Wa njinga yamoto ali kuti?"

"Ndinamuuza kuti ndikudikira munthu. Anafunsa kuti munthu wake ali ndi chiyani. Ndinati chimfine."

Amayi ena anaseka chobisa. Koma a Zefaniya sanaseke. Anali atakhala pa kampando pafupi naye, okalamba, ouma kuposa kale. Pa tsamba la nthochi panali ufa wakuda, ndipo m'manja mwawo munali lezala la dzimbiri m'mbali, lomwe ankametera ndevu.

"Wabwera," anatero. "Wauma?"

"Ayi, malume."

"Ndiye khala uko. Tikuchotsa kaye poizoni m'dzanja la mwanayu. Titema kuyambira pachala mpaka pachigongono, mankhwala alowe, atseke njira."

Ndinayang'ana mkono wa Elube. Kuchoka pachala, kudutsa pamfundo ya dzanja, kamzere kofiira kanali katayamba ulendo.

Tsono mudziwe kuti kwathu munthu wofuna ukwati satsutsa atsibweni a mkazi. Ngakhale anene kuti mbuzi ili ndi miyendo isanu, iwe umati inde, wachisanuwo ndi wokongola. Zaka zonse zija ndinayenda kuti mkuluyu adzanene mawu amodzi. Ndikanakhala chete, mwina tsiku lina akanatopa n'kuvomera. Ndinakhaladi pansi. Ndinapinda manja. A Zefaniya anagwira mkono wa Elube, n'kuika lezala pakhungu.

Sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndinangoona lezala lili m'manja mwanga.

Nkhuku yomwe inaleka kupalasa.

"Iwe," a Zefaniya anatero pang'onopang'ono, "wandilanda chinthu m'manja? Pakhomo panga?"

"Pepani, malume." Ndinakwinya buluku n'kuonetsa msongolo. "Izi ndi mphini zimene munandituma. Zisanu ndi zinayi. Zinatsala pang'ono kundidyera mwendo. M'chalamo muli kale nkhondo, anthu ake akumenya mmene angathere, ndiye inu mukufuna kutsegulira adani makomo ena khumi. Mzere uwu ukafika kukhwapa tidzalira tonse, ndipo ine polira mukundidziwa."

"Wamva kuti zimenezo? Unapita kusukulu yanji?"

"Kuchigayo, malume. Ndi m'mwendo mwangamu."

"Wapenga uyu! Tamverani, nonse muli pano. Munthu uyu sadzakwatira pakhomo pano ine ndili moyo. Ndalumbira!"

Mawu amene ndinawaopa zaka zonse anagwa, ndipo ndinadabwa kuti sanali olemera kuposa thumba la deya. Ndinaponya lezala padenga. Ndinagwada pafupi ndi mphasa.

"Elube, chipatala chili kuseri kwa phiri ilo. Ukwati watha, wamva wekha. Koma dzanja lisathe. Ungayende?"

Anayang'ana atsibweni ake. Anayang'ana ufa wakuda uja. Kenako anayesa kuimirira, miyendo n'kukana.

"Sindingathe," anatero. "Tembenuka."

"Ati?"

"Tembenuka, wagontha? Undibereke."

Amayi anagwira pakamwa. Wina anati zamanyazi, mzimayi wamkulu kuberekedwa ndi mwamuna wosamukwatira, masanasana. Koma mayi ake a Elube, amene sanalankhulepo chiyambire, anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kundiponyera osandiyang'ana.

Tinadutsa pakati pa mudzi, ana akutithamangira, a Zefaniya akukuwa m'mbuyo mayina a makolo awo onse. Elube ankatentha pamsana panga ngati mbaula. Ine wotsimphina, iye wolemera, phiri lotalika.

"Ukutentha," ndinatero.

"Kodi ndifa?"

"Ayi. Ayatsa dala. Koma achepa, tikukawaitanira thandizo."

"Ndani achepa?"

"Ndidzakufotokozera. Ndi anthu abwino, amangodya kwambiri."

Tinafika pamwamba. Kuchokera apo denga lamalata linkaoneka kumunsi, likung'anima.

"Chidambo."

"Ee."

"Atsibweni akalumbira sabweza."

"Ndikudziwa."

"Ndiye tikatuluka kuchipatalako usakhotere kuno. Midzi yonse wayendayi, palibe umodzi wosowa wokunga ng'oma?"

"Ng'oma zanga zimalira mopotoka."

"Wogayitsa?"

"Zimenezo ndiye ndimatha."

"Basi. Yenda bwino, ukundigwedeza dzanja."

Nesi wa magalasi anatiyang'ana tikulowa, ine wefuwefu, chitenje chitamangidwa pachifuwa ngati mayi wa mapasa. Anaona mzere uja, sanataye nthawi ndi nthabwala mpaka atatsuka, atatumbula, atabaya. Atamaliza ndi pomwe anatsitsa magalasi.

"Uyu ndi ndani wako?"

Ndinatsegula pakamwa, koma Elube anandiyambirira.

"Lembani kuti mwamuna wanga. Enawo adzamva mochedwa."

Tinakhala masiku asanu ndi limodzi. Chala chija chinaphwa, chinasupuka, chinamera khungu latsopano, chinangopindika pang'ono kunsonga. Tinapita kukakhala ku katauni ka msewu umodzi, kumene mayi Nasoko anali atakalamba ndipo ankafuna munthu womva lamba. Ndipo chala chimenecho, mwa zala zonse khumi, ndi chimene Elube amandiloza nacho mpaka lero ndikachedwa kubwera kunyumba.